Likhweru la m'galimoto yatsopano si lomata ndi silicone

Pali mawu awiri okhudza likhweru la mphepo m'galimoto amene ndatopa nawo pagalaja pano ku Mangochi. Oyamba ndi akuti, "Magalimoto aataliwa onse amalira mphepo, muzolowera." Achiwiri ndi akuti, "Tingomatapo silicone, bwana, zitheretu." Oyambawo amakugonetsani tulo mpaka waranti, lonjezo la ogulitsa lokonza galimoto mwaulere, ithe. Achiwiriwo amaipha warantiyo tsiku lomwelo. Chimene chimandiwawa n'chakuti omvera malangizo amenewa ndi anthu oti atulutsa mamiliyoni ambirimbiri kugula SUV yatsopano, koma likhweru likangoyamba pamwamba pa chitseko, amaipereka kwa aliyense amene wanyamula chubu cha guluu pansi pa mtengo.

Inde, SUV siingakhale chete ngati galimoto yaing'ono yotsika. Ndi yaitali, kumaso kwake n'kotambalala, magalasi am'mbali ndi akuluakulu, padenga pali njanji. Imakankha mpweya wambiri, ndipo kuwomba kwa fuu kofalikira mbali zonse, kumene kumakula pang'onopang'ono mukamawonjezera liwiro, n'kwachibadwa. Phokoso la mphepo limakula mofulumira kuposa liwiro lenilenilo. Mukawirikiza liwiro kawiri, mphamvu ya phokosolo imakwera maulendo oposa 60, ngakhale khutu limamva ngati lakula katatu kapena kanayi. N'chifukwa chake m'tauni, pakati pa njinga za kabaza, simumva kanthu, koma mukangotulukira pa msewu waukulu wa M3 zinthu zimasintha.

Kuno tili ndi mwera, umene anthu amauiwala. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, mukamalowera ku Liwonde m'mbali mwa nyanja ya Malombe, mumakhala mukulimbana nawo maso ndi maso. Ngati mukuyenda makilomita 80 pa ola ndipo mwera ukuwomba pa 30, galimotoyo ikumva 110. Pobwerera mphepo ili kumbuyo, ikumva 50 yokha. Ndiye munthu amabwera n'kunena kuti, "Amisiri, popita imalira koma pobwera ili zii, kapena ndi injini?" Si injini. Injini sidziwa kumene mukulowera. Phokoso losintha ndi mbali imene mphepo ikuchokera, kapena limene limaduka kamphindi mukabisala kumbuyo kwa thiraki, ndi la mphepo basi. La matayala limasintha mukachoka pa phula losalala kupita pa lokhakhala, ndipo matayala a mano akuluakulu amene ambiri mumawakonda chifukwa cha msewu wa ku Makanjira amang'ung'udza mwachibadwa. La bering'i ya gudumu limakula kapena kuchepa mukamakhota. Ndaona anthu atasinthitsa mabering'i abwinobwino chifukwa chosasiyanitsa zitatuzi.

Chimene sindivomereza kuti "muzolowera" ndi likhweru lopyapyala, lochokera malo amodzi, mbali imodzi, limene limayamba pa liwiro lomwelomwelo tsiku lililonse. Limeneli likutanthauza kuti pali mpata. Mpweya wothamanga kunja kwa zenera umakokera mutu wa chitseko kunja. Ngati rabala wa chitseko amangokhudza pang'ono galimoto itaima, pa liwiro lalikulu mpatawo umatseguka, mpweya wa mkati n'kumatulukira pamenepo ukulira. Mpata wake ungakhale wochepa moti diso silingauone.

Musanaimbe mlandu fakitale, yang'anani zimene mwaikapo nokha. Galimoto imatuluka kogulitsa ili bwino, sabata yomweyo yavekedwa kaliyala, snorkel (paipi yokokera mpweya pamwamba), bull bar (zitsulo zotchinga kutsogolo), nyali zinayi padenga ndi timapulasitiki totchinga mvula pamazenera. Zitsulo zopingasa za kaliyala ndi zimene zimatsogola pa mlandu umenewu. Zozungulira zimang'ung'udza, ndipo zathyathyathya zija zikamangidwa chotembenuza, mbali yopyapyala kutsogolo, zimalira. Mbali yokhuthala ndi imene imayang'ana kutsogolo. Zina zimakhala ndi mpata pamwamba wofunika kutsekedwa ndi kachingwe ka rabala, koma omanga amakataya. Masulani kaliyalayo, yendani msewu womwewo, mumve. Nthawi zambiri nkhani imathera pomwepo, popanda kulipira aliyense.

Kugunda kwa bu-bu-bu kopweteka m'makutu mukatsegula zenera limodzi lakumbuyo kapena la padenga (sunroof) si vuto konse. N'chimodzimodzi ndi kuuzira pakamwa pa botolo lopanda kanthu. Tsitsani pang'ono zenera lina, kutha.

Ngati zonsezi mwachotsa koma likhweru lilipobe, ntchito yotsatira ndi kupeza malo ake enieni, ndipo apa m'pamene pamafunika kuleza mtima kumene amisiri achinyengo alibe. Gulani masking tape, ija amagwiritsa ntchito openta. Matani mzere umodzi wokha, mwachitsanzo m'mphepete mwa galasi lakutsogolo pamwamba, n'kuyenda. Likapitirira, matulani, matani pena: tsinde la galasi lam'mbali, mpata wa pakati pa chitseko ndi denga, kumapeto kwa njanji. Pamene tepi yaletsa phokoso, vuto lili pomwepo. Woyendetsa ayang'ane msewu, womvetsera akhale wina, ndipo kachidutswa ka paipi ya madzi kataikidwa kukhutu kamathandiza kulondola malowo. Tepiyo musaigoneke pa penti, dzuwa la kuno limaiphika n'kusiya guluu wovuta kuchotsa.

Za rabala wa chitseko, tsekerani kapepala pakati pa chitseko ndi rabala n'kukakoka. Kayenera kulimba. Zungulirani chitseko chonse, ndipo pamene katuluke mosavuta ndi pamene rabala sakugwira. Ife a kuno tilinso ndi mboni yaulere, fumbi. Mukabwera kumsewu wafumbi tsegulani chitseko muone nkhope ya rabala. Pamene fumbi ladutsa mzere n'kulowa mkati, mpweya umadutsanso pomwepo. Choncho musathamangire kotsukitsa musanayang'ane. Za galasi lakutsogolo, imikani galimoto panja, tsekani zonse, ikani fan pa mphamvu yomaliza ikukoka mpweya wakunja, wina apake thovu la sopo m'mphepete mwa galasilo. Pamene pali mpata thovu limafufuma.

Pali bambo wina wochita malonda cha ku Namwera amene nkhani yake imandisowetsabe mtendere. Anagula SUV yatsopano ya mupepala, ndipo isanathe miyezi ingapo anabwera nayo akudandaula likhweru kumanzere, pamwamba pa galasi lakutsogolo. Tinamata tepi, phokoso linatha. Tinapaka sopo, thovu linafufuma pakona pomwepo. Guluu wogwira galasi anali ndi kampata kakang'ono. Ndinawauza kuti, "Bambo, iyi ine sindiikhudza. Ili pa waranti. Pitani nayo kumene munagula akachotse galasi n'kulimatanso, simulipira kanthu." Iwo anati, "Achimwene, Blantyre ndi kutali, mafutanso akuvuta, ndipita ikakwana sevisi." Sindinawatsutse kuti ndi kutali. Ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 200 kupita kokha, ndipo munthu wa bizinesi tsiku limodzi ndi ndalama. Koma sevisi isanakwane likhwerulo linawatopetsa, wina n'kuwamatira silicone wa m'bafa mzere wonse wa pamwamba.

Phokoso linachepadi, ndipo iwo anaona ngati apulumutsa ndalama. Koma silicone anangophimba pamwamba, kampata kaja kali pansi. Mvula ya Disembala itabwera madzi anapeza njira yawo, n'kumatsika mobisika mkati mwa mzati wa pambali pa galasi mpaka pansi pa kapeti, pamene pamadutsa mawaya. Anayamba kumva fungo la chinyontho, kenako magetsi a pa dashibodi anayamba kuyaka okha. Atapita nayo kogulitsa, anthu aja anangoona silicone uja n'kunena kuti galasilo lagwiridwa ndi munthu wakunja. Analipira okha zonse: kuchotsa galasi, kupala dzimbiri, kuumitsa ndi kukonza mawaya. Pobwera kudzandiuza sanakwiye ndi munthu, anangoti, "Munanena, achimwene." Mawu amenewo sanandisangalatse ngakhale pang'ono, chifukwa ntchito imene ikanakhala yaulere inawadyera ndalama zoti akanalipirira ana sukulu.

Mvetsani chifukwa chake ndimadana ndi silicone pa galasi. Galasi lakutsogolo la magalimoto a masiku ano silimangokhala mu rabala ngati la malole akale. Limamatidwa ku chitsulo ndi guluu wapadera wotchedwa urethane, ndipo limathandiza kulimbitsa denga galimoto ikagubuduzika. M'magalimoto ambiri airbag (thumba lofufuma pa ngozi) ya wokwera kutsogolo ikaphulika imatsamira pa galasi lomwelo. Silicone wamba uja wonunkha ngati viniga amatulutsa asidi pouma, amene amayambitsa dzimbiri pa chitsulo chokalika. Choipa kwambiri n'chakuti urethane sagwira pamene padutsa silicone. Ndiye mmisiri weniweni akabwera pambuyo pake, ayenera kuyamba wachotsa uve wonsewo, ndipo akasiyako pang'ono galasi siligwira bwino. Mwasinthanitsa kaphokoso ndi chitetezo cha banja lanu.

Achinyengo ali ndi njira zinanso. Wina amaika thabwa pakati pa chitseko n'kukankha mutu wake ndi bondo kuti upindikire mkati, osayeza chilichonse. Akapitirira muyeso galasi la zenera limayamba kukhula pokwera, ndipo chitsulo chopindidwa sichibwerera mwakale. Wina amakankhira mkati kwambiri chitsulo chokolera loko, chitseko n'kumafuna kumenyetsa. Rabala amaphwanyika, pakapita miyezi phokoso limabwerera loposa kale. Wina amamata rabala wachiwiri pamwamba pa woyamba, chitseko n'kutukuka mbali ina, likhweru n'kungosamuka malo. Oopsa kwambiri ndi amene amapopera thovu louma lija la omanga nyumba m'mizati ya galimoto. M'menemo mumadutsa timapaipi totulutsa madzi a sunroof, mawaya, ndipo m'mbali mwa denga muli ma airbag. Munthu wotere musamulole ngakhale kutsegula chitseko.

Anyamata otsuka magalimoto nawonso muziwayang'anira. Kuti rabala awale amamupaka oyilo, girisi kapena dizilo. Rabala wa zitseko sagwirizana ndi mafuta ochokera ku petulo, amatupa n'kufewa mpaka kutaya maonekedwe ake. Madzi ndi sopo n'zokwanira, kenako mankhwala opopera otchedwa silicone spray, amene ndi osiyana kotheratu ndi silicone womata uja. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kuno ku Mangochi kumaumitsa rabala msanga, makamaka galimoto yokhalira padzuwa tsiku lonse, ndiye mthunzi ndi kupukuta mchenga wa kunyanja pa marabala zimathandiza kuposa mankhwala alionse.

Pali mpata umodzi umene sindifuna kuti mudikire nawo ngakhale sabata: wa chitseko chakumbuyo cha kubuti. Kumbuyo kwa SUV mpweya umazungulira n'kubwerera, ndipo umanyamula utsi wa ekizozi. Rabala wa kumeneko akapanda kugwira, utsiwo ungathe kulowa mkati. Mpweya wapoizoni wa carbon monoxide, umene umakhala mu utsiwo, ulibe fungo ndipo suoneka. Ngati mukupeza fumbi lambiri m'buti chitseko chili chotseka, kapena ana okhala kumbuyo akudandaula mutu ndi kuwodzera paulendo wautali, musanene kuti ndi kutentha chabe. Tsegulani mazenera, ndipo galimotoyo ikaonedwe isanayendenso ulendo wina.

Ambiri mukati "yatsopano" mumatanthauza yochokera ku Japan, yolowera pa Songwe kuchokera ku Dar es Salaam. Imeneyo ndi yatsopano kwa inu, koma marabala ake ali ndi zaka zawo ndipo waranti ya fakitale palibe. Onani ngati galasi lakutsogolo linasinthidwapo, yerekezani mipata ya zitseko kumanzere ndi kumanja, chifukwa chitseko chimene chinawongoledwa pambuyo pa ngozi chimadziulula ndi mphepo. Suzumiraninso pansi. Mapulasitiki otchinga pansi pa injini ndi a mkati mwa madigadi amataya timapini tawo m'mabampu, n'kumakupiza pa liwiro ngati mphepo yalowa m'galimoto. Rabala wotha amasinthidwa yense ndi wa mtundu womwewo wa galimoto, osati wodula pa mpukutu kumsika.

Inu amene muli ndi waranti, tsegulani buku lanu lero muwerenge. Zambiri zimakhala zaka 3 kapena makilomita 100,000, koma makampani ena amapereka nthawi yaifupi pa ntchito zongolunjika zitseko ndi zina zotere, ndiye kudikira kumakudyerani ufulu wanu. Imbani foni msanga, ndipo mukafika onetsetsani kuti dandaulo lanu lalembedwa pa khadi la ntchito, lili ndi tsiku ndi makilomita. Musangonena kuti "ikulira." Nenani mbali yake, liwiro limene imayambira, ndi pamene tepi inaletsa phokoso, muwaonetse ndi zithunzi za pafoni. Pemphani kuti makaniko akwere nanu mutuluke kunja kwa tauni, chifukwa m'misewu yodzaza ya mu Blantyre kapena Lilongwe galimotoyo sifika pa liwiro lolira, ndipo adzakubwezerani atalemba kuti sanapeze vuto. Akakonza, yesani msewu womwewo musanasaine, ndipo kope la khadilo mubwere nalo kunyumba.