Inshuwalansi ya makampani siitsitsa mtengo wa chithandizo

Anthu akhala akukhulupirira kuti boma likamalipirira odwala ndalama zimasakazika, pomwe makampani a inshuwalansi amatsitsa mitengo chifukwa chopikisana. Sizili choncho ayi. Ku America, kumene ambiri amadalira makampani, zaumoyo zimadya pafupifupi 17 peresenti ya chuma cha dziko pachaka. Ku Britain, kumene NHS, nthambi ya boma yopereka chithandizo cha zaumoyo, yakhala ikuthandiza aliyense kuyambira 1948, ndi pafupifupi 11 peresenti.

Munthu amene mtima wamugwira pakati pa usiku sangayambe kufunsa kuti chipatala chotchipa ndi chiti, ndiye mpikisanowo uchokera kuti? Ndalama zina zimathera pa antchito ongokhalira kudzaza mafomu ndi kulimbana ndi kampani ikakana kulipira, chinthu chomvetsa chisoni kwambiri. Pomwe boma logulira dziko lonse mankhwala limanenerera mtengo mwamphamvu, wogulitsa n'kutsitsa.