Kodi nyumba ya zipika imasunga kutentha kuposa ya mafulemu?

Anthu ambiri akaona nyumba za zipika, zija zimamangidwa ku Canada, ku Finland ndi m'mapiri a ku America, amangoti m'katimo muyenera kuti mumafunda bwino. Chipika chonenepa chonchija, chisanu chingadutse pati? Ine ntchito yanga ndi yoyeza mmene nyumba zimatayira kutentha, ndipo funsoli ndimafunsidwa kawirikawiri.

Ku America, mphamvu ya khoma yotchinga kutentha amaiyeza ndi nambala yotchedwa R-value. Nambalayo ikakwera ndiye kuti kutentha kukuvutika kudutsa. Mtengo wofewa ngati paini umapereka pafupifupi 1.4 pa inchi iliyonse, pomwe mitengo yolimba imapereka theka lake. Choncho khoma la paini lokhuthala mainchi 6 limangofika pa R-8. Khoma wamba la mafulemu a matabwa, lomwe pakati pake amaikapo ubweya wotchinga kutentha, wopangidwa ndi timaulusi ta galasi, wokhuthala mainchi atatu ndi theka, limafika pafupifupi R-14. Chimagwira ntchito ndi mpweya wotsekeredwa mu ubweyamo, osati kulemera kwa khomalo.

Komabe chipika chili ndi ubwino wake. Amene anakulira m'nyumba ya dothi ya makoma okhuthala akudziwa: masana mumakhala mozizirira bwino, usiku khoma n'kumabweza kutentha kumene linamwa dzuwa likuswa mtengo. Zipika zimachitanso chomwecho. Mu 1981 ndi 1982, bungwe la boma la America loona za miyezo, la National Bureau of Standards, linayesa zimenezi pa tinyumba ting'onoting'ono ku Gaithersburg, m'chigawo cha Maryland. M'nyengo imene masana kumafunda koma usiku n'kumazizira, kanyumba ka zipika kanafuna mphamvu yotenthetsera yochepa ndi 46 peresenti poyerekeza ndi ka mafulemu. M'chilimwe, mphamvu yoziziritsira inachepa ndi 24 peresenti. Koma chisanu chitafika pachimake, tinyumba tiwiriti tinadya mofanana.

Ogulitsa amakonda kutchula 46 ija n'kusiyira pomwepo, ndipo zimenezi zimandiwawa. Khoma limabweza kutentha pokhapokha ngati masana linalandira. Kumene chipale chofewa chimakhala pansi miyezi ingapo osasungunuka, chipika chilibe choti chisunge, chimangotulutsa kutentha kwa m'nyumba usana ndi usiku.

Vuto lalikulu kwenikweni ndi mipata. Chipika chikamauma chimachepa, chimang'aluka, nthawi zina n'kupindika. Khoma la zipika zaziwisi limatha kutsika ndi pafupifupi 6 peresenti ya kutalika kwake, kutanthauza masentimita 15 pa khoma la mamita awiri ndi theka. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa amasiya mpata pamwamba pa zitseko ndi mawindo, n'kuikamo zofewa zotha kufinyika. Ndinalowapo m'nyumba ina yokongola kwambiri imene womanga sanasamale zimenezi. Chitseko chinkakana kutsekeka. Nditayandikitsa kandulo pakona pomwe zipika zimalumikizana, lawi linagonera mbali imodzi ngati wina akuliuzira. Mwininyumba anali atagula kale chitofu chachikulu, poganiza kuti chakalecho ndicho chinkachepa mphamvu.

Ngati mukufuna nyumba yotere, funsani kaye kuti zipikazo zinaumitsidwa bwanji komanso kwa nthawi yaitali bwanji. Onetsetsani kuti pakati pa chipika ndi chinzake aikapo mphira kapena thonje lotsekera mphepo, ndipo phala lomatira kunja likhale lotamuka, loti mtengo ukamasuntha lisasweke. Phalalo muziliyendera chaka ndi chaka, makamaka zaka zoyambirira pamene khoma likutsikabe. Denga musaliumire ndalama. Mpweya wofunda umakwera m'mwamba, ndipo kumeneko mungaike ubweya wokhuthala mmene mungafunire popanda kubisa chipika ngakhale chimodzi.