Makina ofufuzira zitsulo akamangolira paliponse pa nthaka ya Johannesburg

Dandaulo la munthu amene wangogula kumene makina ofufuzira zitsulo pansi limakhala limodzimodzi. Akangowayatsa pabwalo amalira osapumira, manambala akuvina pa sikirini, ndipo akakumba amatulutsa msomali wadzimbiri kapena kachidutswa ka lata. Pofika dzenje lakhumi wayamba kale kufunafuna lisiti kuti akawabweze kusitolo. Kawirikawiri makinawo amakhala alibe vuto. Zimene akunenazo zilipodi pansipo.

Mzinda uno unamera pa golide amene anapezeka ku Langlaagte mu 1886, ndipo chiyambire anthu akhala akumanga, kugumula ndi kumanganso pamalo omwewo. M'mabwalo akale a ku Rosettenville, Turffontein, Mayfair kapena Brixton dothi lapamwamba ladzaza misomali, waya wa mipanda, mabawuti, zitini ndi zitsekerero za mabotolo. Pa Chichewa zonse timangoti chitsulo, koma makina amazigawa pawiri. Pali chimene maginito amachigwira, chomwe chimachita dzimbiri lofiira, ndipo pano tizichitcha chitsulo chakuda. Ndiye pali mkuwa, siliva, golide, aluminiyamu ndi mtovu, zimene maginito sazigwira. Zomwe ambiri amasaka zili m'gulu lachiwirili, koma zagona pakati pa gulu loyamba.

Musanakhudze batani lililonse, dziwani kaye kumene phokoso likuchokera. Kwezani koyilo, mbale yapansi ija, ifike m'chiuno, muigwire osagwedeza, kutali ndi galimoto kapena geti. Makina akakhala chete, nkhani ili m'nthaka. Akapitiriza kulongolola, nthaka ilibe mlandu.

Zikatero yambani ndi makinawo. Chingwe cha koyilo chizikhala chokulungidwa bwino pa ndodo, chifukwa chikamalendewera pafupi ndi koyilo makina amamva mkuwa wa m'chingwe chawo chomwe. Mangitsani pulagi ndi bawuti ya pulasitiki yogwira koyilo. Vulani chivindikiro chapansi pa koyilo mutaye dothi limene lalowamo, popeza mchenga wokhala ndi chitsulo ukamasuntha m'katimo umaliza makina nthawi iliyonse mukatembenuza dzanja. Mabatire ofooka nawonso amasokoneza. Ndiye yang'anani kumapazi. Abale ambiri amapita kukasaka atavala jombo zakuntchito zokhala ndi chitsulo kuchala, n'kumadabwa kuti chizindikiro chikuwatsata kulikonse kumene apita. Fosholo yokoka pambali ndi foni m'thumba lakutsogolo zimachita chimodzimodzi.

Zonsezo zikakhala bwino, otsala ndi magetsi a mumlengalenga, ndipo kuno ku Joni ndi ochuluka. Mpanda wamagetsi umadziwika msanga, makina amati "thi, thi, thi" pafupifupi kamodzi pa sekondi, molongosoka ngati wotchi. Mawaya akuluakulu a Eskom, thiransifoma ndi zingwe zokwiriridwa zimapereka phokoso losakhazikika. Makina ambiri ali ndi Noise Cancel, batani lozembera phokoso la magetsi, kapena njira yosinthira frequency pang'ono. Ichiteni koyilo ili m'mwamba, osaigwedeza mpaka makina amalize, ndipo mubwereze mukasuntha malo. Ikakanika, sunthani mamita 30 kapena 50. Kuyambira Okutobala mpaka Malichi mumamvanso kuthetheka kwa ziphaliwali mvula ikadali kutali. Pamenepo palibe batani lothandiza. Munthu woima pabwalo loyera atagwira ndodo yachitsulo mabingu akugunda pa Highveld akuika moyo pachiswe, choncho longedzani mubwerere.

Tsopano Sensitivity, muyezo wa mphamvu imene makina amamvera. Wongoyamba amaikweza mpaka kumapeto poganiza kuti makina afika pansi kwambiri. Kuli ngati kukweza wailesi imene sinagwire bwino siteshoni, chimene chimakula ndi mkokomo. Pa nthaka ya misomali, mphamvu yambiri imachititsa kuti makina amve chitsulo chimene chili m'mbali mwa koyilo ndi tizidutswa ta dzimbiri tosaoneka n'komwe. Pa Minelab Equinox 600 ndi 800, pomwe muyezo umayambira 1 kufika 25, yambirani pa 16 kapena 18. Pa Garrett ACE 250, yomwe ili ndi timizere 8, tsitsani tiwiri kapena titatu. Kwezani pang'onopang'ono mpaka phokoso liyambe, kenako mubwerere sitepe imodzi. Kuya kumene mwataya ndi kochepa, ndipo pamalo otere zinthu zabwino zimabisika chifukwa cha chitsulo choyandikana nazo kuposa chifukwa cha kuya.

Nthakanso payokha imayankhula. Dothi lakatondo limafiira chifukwa cha chitsulo chimene chili m'kati mwake, ndipo miyala ina ya Witwatersrand imakoka maginito kwambiri moti m'zaka za m'ma 1930 Rudolf Krahmann anailondola ndi chipangizo choyezera mphamvu ya maginito, n'kusonyeza kumene miyala ya golide inalowera pansi chakumadzulo kwa mzinda. Ground Balance ndiyo imauza makina kuti dothi ili alione ngati palibe kanthu. Pezani malo oyera, aakulu kawiri kuposa koyilo, pomwe makina sakulira ngakhale mutatsegula kuti amve zitsulo zonse. Tsitsani koyilo ifike masentimita 3 kuchokera pansi, ikwezeni masentimita 15 mpaka 20, mubwereze mofatsa mpaka mawu asiye kusintha. Povuta ndi kupeza malo oyerawo. Mukachitira pamwamba pa msomali wokwiririka, makina aphunzira msomaliwo ngati dothi ndipo asokonekera tsiku lonse. Pa chifukwa chomwechi, zimitsani Tracking, imene imasintha Ground Balance yokha mukuyenda, pamalo a chitsulo chambiri. Makina otsika mtengo ambiri alibe batani la Ground Balance, anachita kuikiratu kufakitale, ndiye chotsala ndi kutsitsa Sensitivity ndi kukweza koyilo pang'ono.

M'mabwalo a nyumba zakale mulinso zotsalira za malasha, zimene ankataya kuseri akachotsa phulusa m'mbaula. Zidutswa zina zimalira ngati kachitsulo kabwino. Mukafukula kamwala kakuda, kopepuka, kobowokabowoka, n'kuona kuti ndiko kakuliza makina, musavutike kukumbanso.

Pamene ambiri amagwera ndi pa Discrimination, yomwe imauza makina zitsulo zoti asazilirire. Batani limeneli limatseka pakamwa makina, koma silitseka maso awo. Msomali amauonabe, amangosiya kuutchula, ndipo akatha kuuona pamafunika kanthawi kuti akonzekere chinthu chotsatira. Ndalama yachitsulo ikakhala masentimita 5 kuchokera pa msomali, koyilo imadutsa pa ndalamayo makina akadali otanganidwa ndi msomali. Nthawi zina zonse ziwiri zimalowa pansi pa koyilo pamodzi, makina n'kuzisakaniza, nambala ya ndalama pa sikirini, yosonyeza mtundu wa chitsulo, n'kutsikira kufupi ndi ya chitsulo chakuda. Amene wakweza Discrimination amayenda mwabata, akusangalala kuti vuto latha, chonsecho akuponda zimene anabwerera.

Chitani mosiyana. Tsitsani Discrimination kuti chitsulo chakuda chizimveka ndi liwu lake lotsika, longa kubuula, ndipo ngati makina ali ndi Iron Volume, yokweza kapena kutsitsa liwu la chitsulo chakuda, muichepetse kuti isakubowoleni makutu. Mukatero khutu limadziwa kuti apa misomali yathinana, ndichepetse liwiro, ndipo kaliwu kokwera kakatulukira pakati pa kubuulako mumakagwira. Mahedifoni amathandiza kwambiri. Manambala nawo muwadziwe a makina anu okha. Pa Equinox 600 ndi 800 chitsulo chakuda chimakhala pa -9 mpaka 0 ndipo muyezo umathera pa 40. Pa Nokta Simplex chimakhala pa 0 mpaka 15 mwa 99. Nambala 20 imene mnzanu akuitama ingatanthauze chinthu china kwa inu.

Dzanja nalo lili ndi mbali yake. Koyilo iziyenda mopingasa, sentimita imodzi kapena awiri pamwamba pa nthaka, osaikweza kumapeto kwa mzere ngati mukutchetcha udzu, chifukwa kukwezako ndi kuigunditsa ku miyala kumabala malizidwe abodza. Mita imodzi izitenga masekondi awiri kapena atatu, ndipo mzere wotsatira uzibwereza theka la woyamba. Recovery Speed imafupikitsa kanthawi kokonzekera kaja. Pa Equinox 800 imayambira 1 kufika 8, ndipo pa misomali 6 kapena 7 ndiye woyenera, ngakhale kuya kumachepa pang'ono. Ngati pali ndalama yogulira chinthu chimodzi chokha chowonjezera, gulani koyilo yaing'ono ya masentimita 15. Imene imabwera ndi makina ambiri ndi ya masentimita 28 kapena kuyandikira pamenepo, ndipo pabwalo lakale imakhala ndi zinthu zitatu kapena zinayi pansi pake nthawi imodzi. Yaing'ono imalowa m'mipata.

Nanga bwanji msomali umalira ngati siliva? Chitsulo chakuda chimayankha makina m'njira ziwiri, monga chokoka maginito komanso monga chodutsa magetsi. Msomali wowongoka umaonetsa kwambiri njira yoyamba. Koma wopindika, washala, mphete ya unyolo, chidutswa cha lata chogona chafulati ndi chitsekerero cha botolo zimalola magetsi kuzungulira m'kati mwake monga amachitira mu ndalama, ndiye liwu limakwera. Mvula ikagwa zimanyanya, chifukwa dzimbiri lolowerera m'dothi lonyowa limakulitsa chizindikiro.

Pali njira zowagwirira. Mukamva liwu labwino, imani, yendetsani koyilo pang'onopang'ono pamalo omwewo masentimita 10 uku ndi uku. Kenako zungulirani muime chammbali, mudutse chopingasa. Ndalama kapena mphete imalira mofanana mbali zonse ziwiri, nambala n'kumasintha ndi 2 kapena 3 basi. Msomali umalira bwino mbali imodzi, mbali inayo n'kusweka kapena kubuula. Dinani Pinpoint, batani lolozera malo enieni a chinthu, muone pamene pali pakati. Liwu lokwera likakhala apa koma pakati pali masentimita angapo chauko, mukumva nsonga ya msomali. Kwezani koyilo masentimita 25, ndipo chikamalirabe mwamphamvu ndi chinthu chachikulu, chitini kapena lata. Chitsekerero cha botolo chimadziulula mukakokera koyilo kumbuyo kuti mlomo wake ndiwo udutse pamwamba, pamenepo chimabuula. Chizindikiro chotalika ngati mzere ndi paipi yamadzi kapena chingwe chamagetsi, ndipo apo fosholo isalowe.

Komabe ndalama yogona pambali pa msomali nayonso imalira mbali imodzi yokha. Kusiyana kwake n'kwakuti liwu lake limakhala loyera, lobwerezeka pamalo amodzimodzi. Zoterezi kumbani. Miyezi yoyamba ndi bwino kukumba chilichonse chobwerezeka, n'kumakumbukira liwu limene chinapereka.

Chinthu china chimene chapangitsa makina abwino kubwezedwa kusitolo ndi ndalama za kuno. Ma 10c, 20c ndi 50c ndi chitsulo chakuda chongokutidwa pamwamba, yesani ndi maginito muona zikumata. Munthu amaponya 50c pansi, makina n'kubuula kapena kukhala chete, iye n'kuti ndi achinyengo. Yeserani R5, peni yakale yamkuwa, kapena tiki yasiliva ya nthawi ya mapaundi isanabwere randi mu 1961.

Maphunziro abwino amatheka pakhomo. Ikani thabwa lopanda misomali pamalo oyera, pamwamba pake ndalama imodzi ndi msomali wa mainchesi 3, motalikirana masentimita 10. Dutsani motsata msomali, kenako chopingasa. Sendezani msomali masentimita 2, mubwereze, mpaka ndalama isowe. Ndiye sinthani chinthu chimodzi chokha, kaya liwiro la dzanja, Recovery Speed kapena Discrimination, muone ngati ibwerera. Mukasintha zitatu nthawi imodzi simudziwa chimene chathandiza.

Pamalo oipitsitsa, chotsani chitsulocho. Dulani kachigawo ka mamita 2 mbali zonse, palani pamwamba ndi reki, dutsani ndi maginito amphamvu omangirira ku ndodo, kenako sakani kawiri, ulendo wachiwiri chopingasa. Msomali ukatuluka m'dzenje, bwezaninso koyilo pa dzenjelo musanakwirire, chifukwa nthawi zina chimene chinalira chikadali momwemo. Zinyalala muziika m'thumba. M'miyezi ya Juni mpaka Ogasiti dothi limauma gwa ndipo kapinga wodulidwa saphukanso msanga, choncho pa kapinga wa eni dikirani mvula.

Kumene mungasake kuli ndi malire. Pabwalo la lendi pemphani eni nyumba, pa yadi ya abwana pemphani abwanawo, ndipo m'mapaki a mzinda musakumbe popanda chilolezo cha Johannesburg City Parks and Zoo. Lamulo la National Heritage Resources Act la 1999 limaletsa kubweretsa kapena kugwiritsa ntchito makina otere pamalo a zinthu zamakedzana popanda chilolezo. Limateteza zotsalira zopitirira zaka 100, malo a nkhondo opitirira zaka 75 ndi manda akale. Melville Koppies, komwe kuli ng'anjo yosungunulira chitsulo imene Revil Mason anafukula mu 1963, ndi malo otero. Za milu ya m'migodi iwalani. Golide wa Witwatersrand ndi timbewu tosaoneka ndi maso tomwazika m'mwala, makina awa satimva, ndipo kusunga golide wosayengedwa popanda laisensi ndi mlandu pa Precious Metals Act ya 2005. Mlendo wopezeka pamenepo ndi fosholo amatengedwa ngati zama zama, wokumba golide mozemba lamulo, asanayambe n'kufotokoza. Mukafukula chinthu chooneka ngati bomba kapena chipolopolo chachikulu chosaphulika, musachitukule. Ikani chizindikiro, talikirani, imbani 10111.