Kuziziritsa chotupa cha kumapeto kwa matumbo si njira yozembera opaleshoni

Ndisanamalize n'komwe kufotokozera wodwala kuti tapeza chotupa kumapeto kwa matumbo ake, kufupi ndi kotulukira chimbudzi, kawirikawiri amandidula mawu n'kufunsa kuti, "Adokotala, simungangochiwotcha ndi mpweya wozizira uja mumagwiritsa ntchito kwa amayi pa khomo la chiberekero?" Funsoli limandivutitsa mtima chifukwa ambiri amalifunsa nthawi itatha kale.

Njirayi ilipodi, ndipo dzina lake ndi cryosurgery. James Arnott wa ku England ankaika madzi oundana osakaniza ndi mchere pa zotupa cha m'ma 1850, ndipo mu 1961 Irving Cooper wa ku America anapanga kachipangizo kodutsitsa nayitrojeni wamadzi, amene kuzizira kwake kumafika madigiri 196 pansi pa ziro. Madzi a m'maselo amaundana, maselowo n'kuphulika. Pa khomo la chiberekero zimathandiza chifukwa timawotcha zizindikiro zapamwamba zimene sizinasanduke khansa. Khansa ya m'matumbo imalowa pansi m'khoma la thumbo n'kufalikira m'timwanabere tozungulira, kumene kuzizirako sikufika. Choopsa china n'chakuti nyama yowotchedwayo imafera pomwepo, motero sipatsala choti tipititse ku labotale kuti tidziwe ngati matenda onse achoka. N'chifukwa chake pamalo amenewa kuziziritsa kwagwiritsidwa ntchito makamaka pochepetsa magazi ndi kutsegula njira kwa odwala ofooka kwambiri amene sangapirire opaleshoni.

Njira yaing'ono imene ndimaikhulupirira ndi yodula chotupa kudzera kotulukira chimbudzi, pogwiritsa ntchito kapaipi kokhala ndi kamera, popanda kung'amba pamimba. Gerhard Buess wa ku Germany ndiye anaiyambitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Wodwala amatuluka m'chipatala msanga ndipo amapitiriza kudzithandiza monga mwa masiku onse. Koma njirayi ili ndi malire okhwima: chotupa chikhale chaching'ono, chosaposa masentimita atatu, chisanafike pa mnofu wa khoma la thumbo, ndipo sikani isonyeze kuti timwanabere tili bwino. Chikapyola pamenepa tiyenera kuchotsa thumbolo pamodzi ndi mafuta olikuta, monga anaphunzitsira Bill Heald ku Basingstoke, ku England, mu 1982, nthawi zambiri wodwala atayamba walandira mankhwala a khansa ndi thandizo la cheza chopha maselo a khansa. Ngati chotupa chagwira mnofu wotsekera chimbudzi, thumba la pamimba lotolera chimbudzi silingapeweke.

Pali bambo wina, mphunzitsi wa zaka zosakwana 45, amene mpaka lero sindimuiwala. Anaona magazi m'chimbudzi kwa chaka ndi miyezi ingapo. Pamalo ena ogulitsira mankhwala anamuuza kuti ndi matenda a mudzi, n'kumupatsa mankhwala opaka. Kwina anamuuza kuti ndi kamwazi. Kenako anapita kwa sing'anga amene anamulowetsa zitsamba zoyabwa kotulukira chimbudzi mpaka kutuluka zilonda, n'kumuuza kuti kutuluka kwa mafinyako ndiye kuchira. Pa nthawi yonseyi panalibe ngakhale mmodzi amene anavala gulovu n'kumuyeza ndi chala, chinthu chosatenga ngakhale mphindi ziwiri. Tsiku limene ndinamuyeza, chala changa chinakumana ndi chotupa cholimba ngati mwala, chosasuntha, chitazungulira pafupifupi thumbo lonse. Lamba wake anali ataboola mabowo atatu atsopano. Anatulutsa foni n'kundionetsa nkhani ya kuziziritsa zotupa imene anawerenga pa intaneti, ndipo anati ali wokonzeka kugulitsa munda kuti alipire. Ndinamuuza kuti ndalama sizikanasintha kanthu pamenepa, koma sindinathe kumuuza maso ndi maso kuti chaka chapitacho mwina tikanachichotsa popanda kusiya chipsera pamimba pake.

Mudzi ulipo, likodzo ndi kamwazi nazonso zimatulutsa magazi, ndipo munthu angathe kukhala ndi mudzi pamodzi ndi khansa. Choncho aliyense amene wakuuzani kuti ndi mudzi asanakuyezeni wangoganizira chabe. Magazi akapitirira masabata angapo, chimbudzi chikayamba kutuluka chopyapyala, mukamamva ngati simunamalize kudzithandiza, kapena mukamaonda popanda chifukwa, pitani kuchipatala ndipo mupemphe nokha kuti akuyezeni ndi chala. Akapeza kanthu, pemphani kalata yopita ku chipatala chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe, kuti akadule kanyama kokapima. Ndipo musalole munthu aliyense, kaya wavala zoyera kaya wanyamula mizu, kuwotcha, kumanga kapena kudula chotupa cha pamalo amenewa zotsatira za ku labotale zisanatuluke.