Amayi a zaka za m'ma 40 ndi 50, tulo tanu tikukwana?

Amayi ambiri amene amabwera kudzayezetsa BP kapena shuga satchula okha nkhani ya tulo. Ndikafunsa m'pamene zimatuluka: amagona bwinobwino, pakati pa usiku n'kudzidzimuka thukuta lili kamukamu, mtima ukugunda, basi maso gwa mpaka tambala kulira. Ambiri amati ndi ukalamba, palibe chochita. Ine ndimakana: nthawi zambiri gwero lake ndi kusintha kwa thupi msambo ukamaleka.

Msambo umaleka kawirikawiri pakati pa zaka 45 ndi 55, koma thupi limayamba kusintha kudakali zaka zingapo. Mahomoni (michere ya m'thupi) oyendetsa msambo, estrogen ndi progesterone, amakwera n'kutsika mosadziwika bwino, kenaka n'kucheperatu. Estrogen ikachepa, kachigawo ka ubongo koyang'anira kutentha kwa thupi kamasokonezeka. Thupi likangofunda pang'ono, mitsempha ya pakhungu imatseguka, thukuta n'kuyamba kutsika. Tsono taganizani zimenezi mu Okutobala, m'nyumba ya malata ku Zomba, ku Chinamwali kapena kumunsi ku Kachulu.

Chimene chimandidetsa nkhawa si kutopa kwa m'mawa kokha. Munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 kapena kuposerapo. Tikagona, BP imatsika ndi pafupifupi 10 mpaka 20 peresenti, mtima ndi mitsempha zimapumulako. Tulo tikamadukaduka miyezi ndi miyezi, mpumulo umenewu umasowa ndipo BP imayamba kukhala yokwera. Thupi limayambanso kusamvera bwino insulin (homoni yotsitsa shuga), shuga n'kumachedwa kuchoka m'magazi, njala ya zotsekemera n'kukula. Zonsezi zikubwera pa msinkhu umene estrogen, yomwe inkatetezako mtima, ikutha. Mayi akhoza kumamwa mankhwala a BP mokhulupirika koma osaona kusintha kwenikweni, gwero lili usiku.

Komanso pa msinkhu umenewu ndi pamene mayi amasenza zambiri: zidzukulu, makolo odwala, kuchezera pa maliro, kulawirira mbandakucha kukapikula katundu ku Songani. Kuchezera usiku umodzi pa siwa sikupha munthu, ndipo ndi umunthu wathu. Chimene chimandipweteka n'chakuti mayi yemweyo akatsamira mphindi 20 masana, a pakhomo amamutcha mlesi. Abambo ndi ana, musiyeni apume.

Koma chenjerani, si thukuta lililonse la usiku limene limabwera chifukwa cha kusiya kusamba. Ngati mukutsokomola, mukuwonda kapena thupi likutentha, kayezetseni TB. M'zipatala za boma monga Zomba Central kapena Matawale n'kwaulere. Kudzuka kangapo kukataya madzi, ludzu losatha, kayezetseni shuga. Ngati a kunyumba akuti mumaliza mkonono kwambiri, n'kumabanika ngati mpweya waima, limenelo ndi vuto lotchedwa sleep apnea, limachuluka mwa amayi akasiya kusamba ndipo limakweza BP. Amene mumamwa ma ARV okhala ndi dolutegravir, mankhwalawa amasowetsa ena tulo, n'chifukwa chake amalangizidwa kumwa m'mawa. Musasiye kumwa, kambiranani ndi a ku kiliniki. Ndipo ngati mumadzuka ndi maganizo olemera, chimwemwe chitatha, nenaninso, matenda a nkhawa amachizika.

Za pakhomo n'zosavuta kwenikweni. Tiyi, khofi ndi Coca-Cola zithere masana, chifukwa pakatha maola pafupifupi 5 theka la caffeine, chothamangitsa tulo cha m'zakumwazi, limakhala likadali m'thupi. Mowa umagonetsa msanga koma umadzutsa pakati pa usiku ndi kuwonjezera thukuta. Sambani musanagone, valani za thonje zopepuka, madzi akumwa akhale pafupi, ndipo yesetsani kudzuka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse. Neti musaichotse ngakhale kutenthe bwanji, malungo kuno sasowa. Mapiritsi ogonetsa monga diazepam musamwe popanda dokotala: thupi limawazolowera, ndipo amachititsa chizungulire chimene chimagwetsa amayi pa msinkhu umene mafupa ayamba kufooka.