Kompyuta izipereka yokha manambala, koma iyambire pati?

Tiyerekeze bungwe la maliro la anthu a kwathu ku Mbare, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, lomwe mayina a mamembala ake ali mu database, kaundula wa pa kompyuta. Mlembi wakhala akulemba yekha nambala ya membala aliyense watsopano, ndipo tsiku lina wapatsa anthu awiri nambala imodzi. Zopereka za wina zalowa kwa mnzake. Njira yothetsera vutoli ndi yakuti kompyuta izipereka yokha nambala yotsatira, zomwe mu MySQL, pulogalamu yoyendetsa database, zimatchedwa AUTO_INCREMENT.

Lamulo lake ndi lalifupi: ALTER TABLE mamembala MODIFY id INT NOT NULL AUTO_INCREMENT PRIMARY KEY. Apa mamembala ndi tebulo, mndandanda wa mamembala mu database, ndipo id ndi column, gawo la tebulolo losunga nambala ya membala aliyense. Koma musathamangire. Sungani kaye kope la database yonse, kenako fufuzani manambala obwerezedwa, chifukwa akakhalapo ngakhale awiri okha, MySQL ikana. Mizere ya mamembala omwe nambala yawo ndi 0 ingathe kupatsidwa manambala atsopano, ndipo ngati tebulo la zopereka limaloza ku manambala akalewo, mwasokoneza kaundula. Dziwaninso kuti tebulo limodzi limaloledwa column imodzi yokha ya mtundu umenewu.

Pomwe ambiri amapunthwa ndi pa PostgreSQL, pulogalamu ina yoyendetsa database. Kuyambira mu 2017, pa PostgreSQL 10, mutha kuwonjezera GENERATED BY DEFAULT AS IDENTITY pa column yomwe ilipo kale. Chimene imachita ndi kupanga chowerengera chapadera, sequence, ndipo chowerengeracho sichiyang'ana zomwe zili m'tebulo. Chimayamba pa 1. Ngati muli ndi mamembala 800, woyamba kulembetsa mawa adzapatsidwa nambala 1, yomwe ili kale ndi mwini wake, ndipo kompyuta idzakana kumulemba. Muyenera kuchikankhira nokha patsogolo ndi RESTART WITH 801 kapena setval. MySQL siivutitsa pamenepa, imadziwa yokha kupitirira pa nambala yaikulu. SQL Server, pulogalamu inanso ya mtunduwu, ndiye siilola n'komwe kusandutsa column yakale kukhala IDENTITY, yopereka yokha manambala. Mumapanga column kapena tebulo latsopano n'kusamutsira zonse.

Ine sindilola kuti manambalawa akhale a malisiti. Membala akafafanizidwa, kapena kulembetsa kukalephera pakati, nambala imeneyo imadumphidwa osabwereranso. Msungichuma akaona 812 ikutsatidwa ndi 815 adzaganiza kuti wina wadya ndalama. Malisiti apatseni column yawoyawo, yowerengedwa mwanjira ina.