Chifukwa chake vinyo wa ku Swartland safanana ndi wa ku Elgin

Mlimi wa chimanga ukamuuza kuti mpesa umakonda nthaka yosauka, akhoza kukuseka. Komatu ndi zoona. Pa dothi lachonde, lamadzi ambiri, mpesa umangochita masamba, mphesa zake n'kukhala zamadzimadzi. Ukavutikako pang'ono, mizu imalowa pansi kukasaka chinyezi, zipatso zimachepa koma zimakhala ndi kakomedwe kokhathamira. Amene wamvetsa zimenezi sangavutike kumvetsa minda ya mpesa ya ku South Africa, monga ya m'madera a Swartland ndi Elgin.

Yambiri mwa mindayi ili ku Western Cape, kumene nyengo ndi yosemphana ndi yathu. Mvula imagwa m'miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo mphesa zimapsa dzuwa likuswa mtengo, n'kukololedwa pakati pa Januwale ndi Epulo. Mvula ikanamagwa nthawi yokolola, zikanaola ndi chuku. Vinyo woyamba kumeneko anafinyidwa mu 1659, m'masiku a Jan van Riebeeck, mtsogoleri wa Adatchi oyamba kukhazikika kumeneko.

Nyanja ndiyo imapulumutsa derali ku kutentha. Madzi ozizira a m'nyanja otchedwa Benguela amayenda m'mbali mwa gombe la kumadzulo, ndipo m'chilimwe mumaomba chimphepo chochokera kummwera chakummawa chimene eni dera amachitcha Cape Doctor. Chimaumitsa masamba n'kuchepetsa matenda, ngakhale nthawi zina chimayoyola maluwa n'kusiya mlimi manja ali m'khosi.

Tsono taonani Swartland, kumpoto kwa Cape Town. N'kotentha, n'kouma, dothi lake lambiri linachokera ku miyala ya shale ndi granite. Minda yakale yambiri sathirira, ndipo mipesa imaima yokha ngati zitsamba, popanda waya woyangapo, masamba ake n'kumaphimba zipatso. Vinyo wa kumeneko wa mitundu ya mphesa ya Chenin Blanc ndi Syrah amakhala wamphamvu, wodzaza m'kamwa. Kwa ine, mipesa yokalamba imeneyi ndiyo chuma chenicheni cha dzikolo, kuposa nyumba zoyera zimene alendo amakajambula ku tauni ya Franschhoek.

Elgin, kummwera chakummawa kwa Cape Town, ndi nkhani ina. Ndi chigwa chokwera, chozingidwa ndi mapiri, chotchuka ndi maapozi. Mitambo yochokera kunyanja imachepetsa dzuwa, usiku kumazizira, mphesa zimapsa pang'onopang'ono osataya kuwawasa kwake. N'chifukwa chake Chardonnay, Sauvignon Blanc ndi Pinot Noir amachita bwino kumeneko, monganso Pinot Noir wa ku Hemel-en-Aarde pafupi ndi Hermanus. Mukabzala mitundu yomweyi pamalo otentha, shuga amakwera msanga fungo lisanakhwime.

Dera la Stellenbosch lili pakatikati, silitentha ngati Swartland komanso silizizira ngati Elgin: granite wofumbutuka wa m'mapiri a Simonsberg ndi Helderberg amasunga chinyezi osadikha madzi, zimene Cabernet Sauvignon amafuna. Ku Robertson mvula ndi yochepa, amadalira mtsinje wa Breede, koma ali ndi dothi la laimu.

Kuyambira 1973, lamulo la Wine of Origin limateteza mayina amenewa. Botolo likalembedwa kuti W.O. Elgin, mphesa zonse za vinyoyo zinachokeradi ku Elgin.